Kwa iwe amene wayamba kuyeza maso ku Mambwe

Mwana wanga, poti akutumiza kwathu kuno kuchigwa cha Luangwa, ndikuchenjeze za nambala imodzi imene imanyenga oyamba kumene: cup-to-disc ratio. Ukaunika mtsempha wa diso ndi ophthalmoscope n'kulemba 0.6, dziwa kuti wangoyerekeza ndi maso ako. Mnzako pa diso lomwelo atha kulemba 0.4 kapena 0.7, popanda ulesi uliwonse. Mu 1976 Paul Lichter anaonetsa akatswiri a glaucoma zithunzi zimodzimodzi, koma mayankho awo anasiyana kwambiri. Nanga iwe, diso la wodwala losatanula, odwala ena ali pamzere panja?

Apa ndi pamene pamandipweteka. Gogo wochokera kwa Nsefu amulemba 0.5 ku chipatala cha Kamoto, pakutha chaka wina ku Mwami kapena ku Chipata Central alemba 0.7. Kodi matenda akula, kapena angosintha ndi oyeza? Nambala yokha siingakuuze. Ndipo zikatembenuka, woyamba n'kulemba mokweza, wachiwiri motsitsa, gogoyo amabwerera kumudzi atauzidwa kuti zili bwino, mtsempha ukutha. Mtsempha umene wafa subwerera.

Choncho yamba ndi kukula kwa disc. Ife anthu akuda ambiri tili ndi disc yaikulu, ndipo disc yaikulu imabadwa ndi kadzenje (cup) kakakulu popanda matenda. Disc yaing'ono ndiyo yoopsa: kadzenje kake kamaoneka kosalakwa pamene ulusi wa mtsempha wapita kale. N'chifukwa chake George Spaeth ndi anzake ku Wills Eye Hospital, Philadelphia, anatulutsa sikelo ya DDLS mu 2002, imene imaona pomwe mkombero wa mtsempha wachepa kwambiri, poganizira kukula kwa disc. Nayonso siithetsa kusiyana konse, koma imakulozera malo oyenera kuyang'ana. Yang'anitsitsa mkombero wa pansi ndi wa pamwamba, poti ndi kumene glaucoma imayambira kudya. Funafuna kamagazi m'mphepete mwa disc. Fananitsa maso onse awiri.

Kenako jambula zimene waona m'buku la wodwala, ndi cholembera kapena ndi foni, ulembe tsiku komanso ngati unatanula diso. Amene adzamuone pambuyo pako adzakhala ndi pofananizira. Puresha ya diso ikakhala pansi pa 21 usapumule, ena amachita khungu ili pomwepo. Ukakayika mutumize akayezedwe visual field mvula isanayambe, chifukwa njira ya kwa Malama ikathira matope udzamuonanso mwina mu Epulo.

Wodwalayo umuuze zoona. Ambiri amabwera akuganiza kuti ndi ng'ala, poti anaona anzawo akupenyanso atachitidwa opaleshoni. Nena nawo mwaulemu: "Agogo, iyi si ng'ala. Mankhwala odontheza awa sabweza zimene zatayika, amateteza zimene zatsala, ndipo musasiye ngakhale diso lisakupweteka." Usanapereke timolol funsa ngati ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, ndipo uwapemphe abwere ndi abale awo a bere limodzi ndi ana awo akuluakulu kuti nawonso uwaunike.