Ludzu Losatha ndi Matenda a Shuga

Munthu akamamva ludzu losatha, namadzuka kangapo usiku kukataya madzi, nawonda chikhalirecho akudya bwino, achibale ena amathamangira kuganiza za ufiti. Komatu zimenezi ndi zizindikiro za matenda a shuga. Thupi likalephera kupanga insulini wokwanira kapena kumugwiritsa ntchito bwino, shuga amachuluka m'magazi, ndipo impso zimamutaya mumkodzo pamodzi ndi madzi ambiri. N'chifukwa chake nyerere zimaunjikana pamene wodwalayo wakodza.

Ena amaona mwachimbuuzi, ena amamva dzanzi m'mapazi. Dzanzili n'loopsa, pakuti chilonda chapaphazi sichimveka kupweteka, ndipo chikalekereredwa mwendo ungathe kudulidwa. Munthu wotere apite kuchipatala msanga. Kadontho ka magazi a pachala n'kokwanira kuyeza shuga.

Wodwala adye nsima yamgaiwa yocheperako, ndiwo zichuluke: bonongwe, chisoso, nkhwani, nyemba kapena usipa. Tiyi wothira shuga ndi zakumwa zotsekemera azisiye. Kulima, kupalasa njinga ndiponso kuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pamlungu, kumathandiza kutsitsa shuga. Mankhwala akuchipatala asawaleke ngakhale atapeza bwino, ndipo madzulo alionse aziyang'ana mapazi ake, pakati pa zala pomwe.