Kopa Ngwa pa Tsamba ndi Chiboda, Si Wakumwa

Alimi anzanga, tsiku lina ndili pa msika wa Bangula bambo ena anandionetsa paketi ya ufa wobiriwira wopopera matimati. Anafunsa ngati angasungunuleko pang'ono kuti amwetse akazi awo, amene akhala akudwala m'mimba nthawi yaitali, poti anamva kuti kopa amapha tizilombo toyambitsa matenda. Ndinawaletsa, ndipo lero ndifuna ndifotokoze chifukwa chake.

Zoti kopa amapha tizilombo nzoona. M'chaka cha 1885 katswiri wa zomera wa ku France, Millardet, analengeza za mankhwala a Bordeaux, osakaniza kopa salufeti ndi laimu, oteteza mphesa ku matenda a masamba. Mu 2008 boma la America linavomereza kuti zitsulo za mkuwa zimapha mabakiteriya ogwera pamwamba pake. Koma taonani, ntchito yonseyi ikuchitika kunja, pa tsamba ndi pa chitsulo. Kopa wambiri akalowa m'thupi amasanzitsa, amaononga chiwindi ndi impso, ndipo angathe kupha. Ofufuza akuyesadi mankhwala ena a kopa pa khansa ndi matenda opatsirana, koma ufa wa kudimba suli m'gulu limeneli.

Nanga ife a m'chigwa cha Shire tiwagwiritse ntchito bwanji?

Kudimba: kopa amateteza matimati ku chiwawu, koma sachiza tsamba lomwe lagwidwa kale. Poperani matendawa asanafale, ndipo mvula ikakokolola mankhwala bwerezani. Tsatirani muyeso wolembedwa pa paketi, ndiponso masiku odikira musanathyole matimati.

Kukhola: madzi akasefukira, monga zinachitikira mu 2015 ndiponso pa namondwe Freddy mu 2023, makola amakhala matope okhaokha ndipo ziboda za mbuzi zimawola. Yengani zibodazo, kenaka ziviikeni m'madzi a kopa salufeti, magalamu 500 pa malita 10. Sungunulirani m'beseni la pulasitiki chifukwa mankhwalawa amadya chitsulo. Chiweto chisamwe madziwa.

Pa nkhosa samalani koposa. Kopa amaunjikana m'chiwindi mwake pang'onopang'ono, kenaka nkhosa imachita chikasu, kukodza mkodzo wofiira ndi kufa. Kwa nkhosa funsani alangizi a ziweto za zinki salufeti.

Musatsukire sipuleya mu Shire kapena m'dambo la Elephant Marsh, chifukwa kopa amapha nsomba zimene anzathu amadalira. Sungani mankhwala pamalo osafikira ana, ndipo musawathire m'botolo la zakumwa.

Wodwala matenda a mgonagona apite kuchipatala akapimidwe. Wina akamwa mankhwalawa mwangozi, thamangirani naye kuchipatala mutatenga paketi yake kuti adokotala adziwe chimene wamwa. Bambo a ku Bangula aja ndinawalangiza chimodzimodzi: mayi apite kuchipatala, ufa upite kudimba.