Phunziro la Fizikisi: Sipika ikang'ung'uza, musadule waya wa ethi

Ambiri tinamvapo kaphokoso ka "mmmm" kochokera m'masipika pamsonkhano wa sukulu, pa jalasa kapena pa mwambo kugombe la Chikale. Tiyeni tione gwero lake, chifukwa njira yachidule imene ena amakathetsera ikhoza kupha munthu.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali 230 volts ndipo amazungulira ka 50 pa sekondi. Pulagi yathu ili ndi mano atatu. Waya wabulauni ndiye wamoto, wabuluu ndi wobwezera magetsi, ndipo wobiriwira ndi chikasu ndi ethi, umene umapita ku dzino lalitali lija. Waya wamoto ukakhudza chitsulo cha ampulifaya, ethi amatengera magetsiwo pansi, fyuzi n'kupsa.

Nanga phokoso limabwera bwanji? Tiyerekeze kuti mikisa ili pa soketi ina, ampulifaya pa ina. Zonse zili ndi ethi, komanso zalumikizidwa ndi waya wa mawu. Apa papangika njira yozungulira yotchedwa ground loop. Mphamvu ya ethi pa masoketi awiriwo ikasiyana pang'ono, timagetsi timadutsa m'waya wa mawu, ndipo ampulifaya imatikuza pamodzi ndi mawu athu.

Ena amatsegula pulagi n'kudula ethi. Phokoso limathadi, koma chipangizo chikawonongeka mkati, njira yopita pansi imene yatsala ndi thupi la wogwira maikolofoni. Taganizani za muadhini amene wangopanga wudhu, manja anyowa, mapazi alibe nsapato. Khungu lonyowa limalola magetsi kudutsa mosavuta. Mu 1972, woimba gitala Leslie Harvey anafera papulatifomu ku Swansea, ku Wales, atagwira maikolofoni yopanda ethi.

Njira zotetezeka ndi izi:

1. Tizimitse zonse, kenako tilumikize chipangizo chimodzichimodzi mpaka tipeze chimene chikuyambitsa phokoso.
2. Mikisa, ampulifaya ndi laputopu zidye magetsi pa soketi imodzi, koma zisapitirire 13 amps, pafupifupi 3,000 watts.
3. Pa mtunda wautali tigwiritse ntchito waya wa XLR, ndipo usayende mogundana ndi waya wa magetsi.
4. Phokoso likakanirira, tiike kabokosi ka DI kapena isolation transformer pa waya wa mawu. Kamadula njira yozungulira ija osakhudza ethi.
5. Panja, makamaka pamchenga wonyowa, pakhale RCD ya 30 mA, imene imadula magetsi akangoyamba kuthawa.

Maikolofoni ikakuluma pamlomo ngakhale pang'ono, zimitsa pa soketi ndipo uuze aphunzitsi kapena a Sheikh, aitane wamagetsi wovomerezeka. Moyo ndi amana imene Allah anatisungitsa, wathu ndi wa wotiitanira ku swala.

Funso la kalasi: n'chifukwa chiyani dzino la ethi ndi lalitali kuposa enawo?