Madzi Akasintha, Nsomba Zimatani?

Pa msika wa Mbulumbuzi kapena wa Namitambo timagula matemba, milamba ndi makumba. Zina mwa nsombazi zimachokera ku Nyanja ya Chilwa. Madzi a mitsinje yathu ya Namadzi ndi Mombezi nawo amakathera komweko.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikachepa, madzi amaphwa koma mchere umatsala. Tsono madziwo amawawa. Nsomba zimamva msanga. Matemba amathawira m'mitsinje ndi m'madambo. Mlamba ndi wolimba, chifukwa umatha kupuma mpweya pamwamba pa madzi. Nsomba zolephera kuthawa zimafa. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inaphwanso kwambiri. Akuluakulu akukumbukira mmene ndiwo zinasowera.

Kum'mawa kwathu, kupitirira dziko la Mozambique, kuli nyanja yaikulu yamchere. Kumenekonso madzi akusintha, koma vuto lake ndi lina. Si kuchuluka kwa mchere ai. Madzi ake akulowa asidi.

Kodi asidiyo akuchokera kuti? Anthu akamatentha malasha, petulo, dizilo ndi nkhalango, pamatuluka mpweya wotchedwa carbon dioxide. Pa magawo anayi a mpweya umenewu, nyanja zazikulu zimamwa pafupifupi gawo limodzi. Mpweyawo ukasungunuka m'madzi umapanga asidi. Ndi wochepa, lilime silingamumve. Koma zamoyo za m'madzi zili momwemo usana ndi usiku.

Nsomba imadalira fungo. Ndi fungo imadziwa kwao, imapeza chakudya, imazindikira mdani. Mu 2009 ndi 2010 akatswiri a ku Australia analera tiana ta nsomba m'madzi owonjezera asidi. Iwo anati tinsombato tinasokonezeka mutu. M'malo mothawa fungo la nsomba yolusa, tinkalilondola, ngati mwanapiye wothamangira kwa kabawi!

Koma nkhani siinathere pomwepo. Akatswiri ena anabwereza ntchitoyo kwa zaka 3, ndi nsomba zoposa 900 za mitundu 6. Mu 2020 analengeza kuti nsomba zawo sizinasinthe khalidwe kwenikweni. Eetu, ophunzira nawo amatsutsana, ndipo n'bwino kuti mlandu umveke mbali zonse.

Chimene ambiri agwirizana ndi ichi: asidi akachuluka, nkhono za m'nyanja zimavutika kumanga zigoba. Matanthwe a pansi pa nyanja, amene tizilombo tating'ono timamanga, nawo amakula movutikira. Chonsecho nsomba zambiri zimabisala ndi kuswana m'matanthwemo. Yesani nokha kunyumba. Ikani chigoba cha dzira m'madzi a mandimu, muchione mawa.

Nyanja yaikulu ili kutali, koma pothawira nsomba za ku Chilwa ndi m'mitsinje. Nyanja ikadzazanso, nsomba zotsala m'maiwe ndizo zimabwerera kukaswana. Munthu wothira katupe m'dziwe, kapena wokokolola tiana ta nsomba ndi masikito, akupha mbewu imeneyo.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani madzi a m'Chilwa amawawa mvula ikachepa?
2. Kodi asidi wa m'nyanja zazikulu amachokera kuti?
3. Akatswiri a mu 2020 anapeza chiyani?
4. Kambiranani: kodi kwanu alipo othira katupe m'mitsinje? Nanga mfumu imati chiyani?