Kodi ndibwerere ku ntchito?

Funso: Ndimagwira ntchito m'sitolo ku Nchalo ndipo tchuthi changa cha uchembere chatha. Wolera mwana akufuna pafupifupi theka la malipiro anga. Ndingosiya ntchito kodi?
Mayi wa ku Chikwawa

Yankho: Mayi, musapupulume. Lamulo limati abwana azikuikirani 10 peresenti ku penshoni, inu 5. Mukasiya ntchito, imeneyo yaima. Komanso mukati mudalire ulimi, kuno kuchigwa madzi osefukira, ngati a namondwe Freddy mu 2023, amakokolola munda wonse, pomwe malipiro amabwerabe pakutha pa mwezi.

Kulipira wolera n'kwa zaka zochepa chabe: mwana akakwanitsa zaka 3 amayamba mkombaphala. Pakadali pano gwirizanani ndi mnzanu mulembe wolera mmodzi, kapena pemphani agogo, muziwagulira sopo ndi shuga. Bambo a mwana asonkheko ndithu. Bwererani ku ntchito.