KAPHIKIDWE KAMSANGA KA NKHUKU NDI NDIWO ZA MASAMBA

Umoyo wa pabanja sukhala cimodzimodzi masiku onse. Mai amene anali kukhala panyumba tsiku lonse angayambe malonda pamsika kapena kulowa nchito, ndipo afika kunyumba dzuwa litalowa kale. Pena m'nyumba mubadwa mwana, pena mai agonekedwa m'cipatala ndipo bambo ndiye atsala ndi mapoto, pena mnyamata acoka kwa makolo kupita ku koleji kumene kulibe womuphikira. Pa nthawi zotere cinthu coyamba kusokonezeka ndi kadyedwe. Anthu ayamba kugonera tiyi ndi buledi, zitumbuwa kapena machipisi, ndipo ndiwo za masamba zisowa m'mbale kwa masiku ambiri.

Vuto lina ndi la moto wophikira. Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali ngozi ya dziko lonse. Madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo malaiti anali kuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse, kotero kuti mabanja amene anazolowera sitovu anabwerera ku mbaula. Banja limene ligula makala ndi ndalama zocepa silingathe kuika poto wa nyemba pamoto kwa maola atatu tsiku ndi tsiku.

Phunziro la lero likamba za njira imodzi yophikira ndiwo zabwino pa mphindi zocepa ndi moto wocepa, ndiponso za ngozi zimene wophika mofulumira ayenera kupewa.

KODI KAPHIKIDWE AKA NKOTANI?

Pa Cingelezi kaphikidwe aka kachedwa stir-fry, ndipo kanacokera ku China kumene agwiritsa nchito ciwaya cakuya cochedwa wok. Nzeru yake njapafupi: nyama ndi masamba zidulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ziikidwa m'ciwaya cotentha kwambiri cokhala ndi mafuta ocepa, ndipo wophika atakasa kosalekeza mpaka zitapsa. Popeza kadutswa kakang'ono kapsa msanga, ndiwo zonse zikhala pamoto mphindi ngati 15 cabe. Wok si wofunika kwenikweni. Pani yaikulu kapena poto wotakata wokhuthala pansi agwira nchito yomweyo, ndipo mbaula ya makala oyaka bwino ipereka moto wokwanira.

UBWINO WAKE KU THUPI

Mbale imodzi ya ndiwo izi pamodzi ndi nsima kapena mpunga ipatsa munthu zakudya zomanga thupi, zoteteza ku matenda ndi zopatsa mphamvu pa nthawi imodzi. Nkhuku ili ndi maproteni omanga thupi, pamene masamba ali ndi mavitameni.

Amai ambiri ali ndi cizolowezi cowiritsa masamba nthawi yaitali m'madzi ambiri, kuthiramo soda, kenaka ndi kutaya madziwo. Vitameni C asungunuka m'madzi ndipo aonongeka ndi moto wa nthawi yaitali ndiponso soda. Masamba okazinga mphindi zocepa asunga mbali yaikulu ya vitameni ameneyu, amene athandizanso thupi kutenga ayironi wa m'cakudya, wofunika popanga magazi. Mafuta ocepa aja nawonso ali ndi nchito, kaamba kakuti vitameni A wocokera mu karoti ndi masamba obiriwira alowa bwino m'thupi ngati cakudya cili ndi mafuta pang'ono.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lilangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osacepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndi mcere wosafika magalamu 5, umene uli ngati supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Kaphikidwe aka kathandiza pa zonse ziwiri, cifukwa masamba acuruka kuposa nyama, ndipo adyo, jinja ndi ndimu zikometsa ndiwo popanda kucurutsa mcere.

ZOFUNIKA PA BANJA LA ANTHU ASANU

Theka la kilo ya nyama ya nkhuku yopanda mafupa, ya pacifuwa kapena ya m'nchafu
Theka la kabichi kapena mpukutu umodzi wa repu
Makaroti awiri
Zitheba zodzaza dzanja limodzi
Anyezi mmodzi wamkulu
Tsabola wobiriwira wosawawa mmodzi
Matimati awiri
Adyo ndi jinja pang'ono, zosinja
Masupuni awiri akulu a saladi
Theka la supuni yaing'ono ya mcere wokhala ndi ayodini
Theka la ndimu
Nshawa zokazinga zodzaza dzanja limodzi

Ngati cina mwa izi casowa, wophika agwiritse nchito zimene zilipo m'dimba kapena pamsika, monga bondwe, impwa kapena bowa wodziwika bwino. Mafupa, khosi ndi mapiko zisatayidwe, koma ziphikidwe padera kuti zikhale supu.

KUKONZEKA MOTO USANAYATSIDWE

Cinsinsi ca kaphikidwe aka ndi kukonzeratu zonse, popeza ciwaya cikatentha sipakhalanso mpata wodula anyezi. Wophika ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Atsuke masamba m'madzi aukhondo asanawadule, cifukwa kutsuka masamba odula kale kutaya mavitameni. Adule masamba onse coyamba ndi kuwaika m'mbale yaoyao. Nyama ikhale yomalizira kudulidwa, ndipo idulidwe tizidutswa topyapyala tofanana ndi cala caching'ono. Tizidutswa tikasiyana kukula, tina tipserera pamene tina tikali taziwisi mkati.

Nkhuku ya buloila ndiyo iyenerera kaphikidwe aka cifukwa nyama yake njofewa. Nkhuku ya kumudzi njolimba, motero iyenera kuwiritsidwa coyamba mpaka itafewa, kenaka ndi kuidula ndi kuikazinga pamodzi ndi masamba.

KAPHIKIDWE

1. Ciwaya ciikidwe pamoto waukulu mpaka citatentha, ndipo muthiridwe supuni imodzi ya saladi. Mafuta asasiyidwe mpaka kufuka utsi.

2. Nyama iikidwe moyala, osati mounjika. Ngati ciwaya ncacing'ono, ikazingidwe kawiri. Nyama younjika itulutsa madzi ndipo m'malo mokazingika ingowira. Itakasidwe kwa mphindi 5 mpaka 7.

3. Wophika atenge kadutswa kakakulu kuposa tonse ndi kukadula pakati. Mkati muyenera kukhala moyera, mopanda kufiira kapena magazi, ndi motulutsa nthunzi. Ngati nyama yapsa, iphulidwe ndi kuikidwa m'mbale yotsuka, osati ija inali ndi nyama yaiwisi.

4. Supuni yaciwiri ya saladi ithiridwe, ndipo anyezi, adyo ndi jinja zikazingidwe mphindi imodzi.

5. Masamba olimba, ndiye kuti karoti ndi zitheba, alowe coyamba kwa mphindi 3. Pambuyo pake palowe kabichi kapena repu ndi tsabola kwa mphindi 2 kapena 3. Masamba ayenera kufewa pang'ono koma osataya mtundu wake.

6. Matimati, mcere ndi theka la kapu ya madzi zithiridwe, nyama ibwezeredwe m'ciwaya, ndipo zonse ziwire pamodzi mphindi 2. Madzi amenewa ndiwo apereka supu yodyera nsima. Wofuna supu yokhuthala asungunule supuni imodzi ya unga woyera m'madziwo asanathire.

7. Ndiwo zikaphulidwa, afinyiremo ndimu ndi kuwazamo nshawa. Zidyedwe zikali zamoto.

NGOZI YA NKHUKU YOSAPSA

Apa ndipo pafunika kusamala kwambiri, pakuti kufulumira kungabweretse matenda m'nyumba. Nyama yaiwisi ya nkhuku, ngakhale ioneke yabwino, kawirikawiri ikhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tochedwa Salmonella ndi Campylobacter. Tizilomboti tiyambitsa kutsegula m'mimba, kupotokola, kusanza ndi kutentha thupi. Matenda a Salmonella angayambe patapita maola ocepa kapena masiku atatu, pamene a Campylobacter aoneka patapita masiku awiri mpaka asanu, cotero ambiri sadziwa kuti anadwala kaamba ka cakudya ca masiku apitawo. Ana aang'ono, amai apakati, okalamba ndi anthu amene citetezo ca m'thupi mwao ncofooka ndiwo avutika koposa.

Moto upha tizilomboti ngati kutentha kwafika mkati mwenimweni mwa nyama. WHO inena kuti cakudya ciyenera kufika pa madigiri 70. Nyama yofiirira kunja si umboni wakuti yapsa, ndiye cifukwa cake kudula kadutswa kamodzi kuli kofunika nthawi zonse.

Njira ina imene tizilombo tifikira m'kamwa ndi mpeni, thabwa lodulirapo ndi manja. Amene wadula nkhuku kenaka ndi kudulira matimati kapena manga pa thabwa lomwelo wasamutsa tizilombo kupita ku cakudya cimene sicidzaona moto. Mpeni, thabwa, mbale ndi manja zitsukidwe ndi sopo mwamsanga nyama ikangodulidwa. Nkhuku yogula yokonza kale sifunika kuitsuka, popeza madzi othovukira amwaza tizilombo pa mbale ndi makapu apafupi. Nkhuku yophera panyumba itsukidwe m'beseni lakelake kutali ndi ziwiya, ndipo besenilo litsukidwe ndi sopo. Nkhuku yodwala kapena yofa yokha siyenera kudyedwa.

Madzi otsukira masamba nawonso akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera imene inabuka mu October 2023 ndi kupitirira m'caka ca 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo matendawa ayenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa.

MALAITI AKAZIMA

Firiji yotseka isunga kuzizira kwa maola ngati anai malaiti atazima. Nyama imene yasungunuka ndi kukhala yofunda kwa nthawi yaitali iyenera kutayidwa, ngakhale isanayambe kununkha. Banja lopanda firiji ligule nyama yokwanira tsiku lomwelo ndi kuiphika mosacedwa. Ndiwo zophika zisakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo zotsala zitenthetsedwe mpaka kuwira zisanadyedwe.

Mbaula isayatsidwe m'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera. Makala atulutsa mpweya woipa wopanda fungo wochedwa carbon monoxide, umene uyambitsa mutu, cizungulire ndi kukomoka, ndipo ungaphe munthu ali m'tulo. Ngozi iyi icuruka m'miyezi yozizira ya June ndi July.

ANA NDI ODWALA

Kafukufuku wa za umoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia anali opinimbira. Cimodzi mwa zifukwa zake ndi cakuti ana apatsidwa nsima ndi supu yokha pamene nyama ipita m'mbale ya akulu. Mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi angadye nkhuku ndi masamba, malinga zikhale zofewa ndi zosinja bwino. Gawo lake lipatulidwe mcere usanathiridwe, liphikidwe mphindi zina zoonjezera, ndipo lipatsidwe m'kambale kakekake. Nshawa zathunthu zisaperekedwe kwa mwana wamng'ono cifukwa zingamutsamwitse, koma zisinjidwe.

Odwala matenda othamanga magazi acepetse mcere ndipo apewe soya sosi ndi tizidutswa tokometsera supu ta m'sitolo, popeza zili ndi mcere wambiri. Odwala shuga acurutse ndiwo ndi kucepetsa nsima kapena mpunga. Khungu la nkhuku lili ndi mafuta ambiri, cotero ofuna kucepetsa thupi alicotse asanadule nyama.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba amwe madzi a ORS pafupipafupi, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ngati m'cimbudzi muli magazi, ngati wodwala asanza ciliconse, kapena ngati mwana wafooka ndi kulowa maso, apite naye ku kiliniki mosataya nthawi.

Nkhuku sipezeka tsiku lililonse. Masiku amene ndalama zacepa, kaphikidwe komweka kangacitike ndi mazira, masoya onyika m'madzi otentha, kapenta kapena nyemba zophika kale.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAKALABU

1. Ncifukwa ninji masamba ayenera kudulidwa nyama isanadulidwe?
2. Kodi wophika angadziwe bwanji kuti nkhuku yapsa mpaka mkati?
3. Kodi ndiwo zophika zingakhale poyera kwa maola angati?
4. Ndi masamba ati a m'dera lino amene angalowe m'malo mwa kabichi pa nyengo ya dzinja?