KUBVULALA M'MUTU, NDI M'MENE LAMULO LITHANDIZIRA WOBVULALA

Bala la pa mwendo lioneka ndi maso, ndipo mwini wace amvedwa cifundo ndi onse. Koma bala la mu ubongo libisala m'kati mwa cigaza, cotero kuti ambiri alipeputsa kufikira zinthu zitaipa. Munthu angabvulale cotere pakugwa pa njinga, pa ngolo kapena pa denga, pakugundidwa ndi galimoto, kapena pakukanthidwa ndi cibonga pa ndeu.

1. Cimene cicitika m'kati mwa mutu

Ubongo uli wofewa, koma cigaza ciri colimba ndipo sicifutukuka. Mutu ukagunda pa cinthu, ubongo ugwedezeka ndi kudziguguda ku fupa. Nthawi zina mtsempha uphulika, mwazi nuyamba kuunjikana pang'ono pang'ono ndi kupanikiza ubongo. Ndico cifukwa cace munthu angakomoke, nadzuka, nalankhula bwino, koma patapita maora ocepa nafooka ndi kufa. Kudzuka kwace sikutanthauza kuti wacira iai.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: kusanza kawiri kawiri, mutu wopweteka mopitirira, tulo tosadzutsika, kusokonezeka m'kulankhula, kugwa ngati wakhunyu, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, mwana wa diso limodzi kukula koposa mnzace, ndi mwazi kapena madzi oturuka m'khutu kapena m'mphuno. Woonetsa cimodzi ca izi atengedwe ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Pomnyamula asampinde khosi, ndipo asampatse mowa. Madotolo ayesa kuya kwa cikomokere ndi muyeso umene unakonzedwa ku Glasgow m'caka ca 1974, woyambira pa 3 kufikira pa 15. Zipatala zazikuru, monga University Teaching Hospital ku Lusaka, ziri ndi makina ojambula m'kati mwa mutu.

2. Mabvuto otsala m'mbuyo

M'caka ca 1848, ku Vermont m'dziko la America, kapitao wa nchito ya njanji dzina lace Phineas Gage analasidwa ndi citsulo cimene cinalowa pa tsaya ndi kuturukira pamwamba pa mutu. Iye sanafe, koma khalidwe lace linasandulika, ndipo eni nchito sanambwezerenso pa ukapitao. Pambuyo pace anapeza nchito yoyendetsa ngolo za akavalo ku Chile, namwalira m'caka ca 1860 atadwala khunyu.

Nkhani iyi iphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, munthu amene asanduka waukali, woiwalaiwala kapena wotopa msanga atabvulala m'mutu, sanalodzedwe, ndipo sali waulesi. Ubongo wace ndiwo wadwala. Caciwiri, munthu wotere akhoza kuphunziranso nchito ngati abale ace amleza mtima.

3. Njira za lamulo

Banja la wobvulala lisenza katundu wolemera: ndalama za ulendo, za mankhwala, ndi munda wosalimidwa. Ngati ngoziyo inadza ndi kusasamala kwa wina, lamulo la Zambia lipatsa wobvulala njira zopezera malipiro.

Pa ngozi ya pamseu: Lamulo la za pamseu la m'caka ca 2002 liumiriza mwini galimoto ali yense kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene galimoto yace yawabvulaza. Abale auze apolisi msanga, alembe nambala ya galimoto ndi maina a mboni, ndipo atenge cikalata ca apolisi coti dotolo alembepo za mabala.

Pa ngozi ya pa nchito: Lamulo la m'caka ca 1999 linaika nkhani izi m'manja mwa bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace liri ku Ndola. Wanchito kapena m'bale wace auze mwini nchito mosacedwa, pakuti iye ndiye ayenera kupereka mbiri ya ngoziyo ku bungwelo.

Pa kumenyedwa: Boma liimba wolakwa mlandu kuti amlange, koma cilango ca ndende sicidyetsa ana a wobvulala. Wobvulala ali ndi ufulu wosuma mlandu wina wopempha malipiro.

Wosowa ndalama za loya apite ku ofesi ya Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza amphawi pa milandu.

4. Macenjezo awiri

Akulu akale anati mlandu suola. Koma ku bwalo la boma mlandu uli ndi nthawi yace: wofuna malipiro cifukwa ca kubvulazidwa mosasamala apatsidwa zaka 3 zokha kuti asume. Wocedwa angapeze khomo litatsekedwa, ngakhale mlandu wace uli woona.

Komanso kufulumira kuli ndi msampha wace. Wolakwa angabwere ndi mbuzi kapena ndalama pang'ono, pamodzi ndi pepala lonena kuti nkhani yatha. Popeza khunyu ndi kuiwala zingayambe patapita miyezi, banja lisasaine pepala lotere lisanamve mau a dotolo ndi a munthu wodziwa lamulo. Makadi a ku cipatala ndi malisiti onse asungidwe pouma, pakuti ndiwo adzalankhula ku bwalo m'malo mwa munthu amene sakumbukanso za tsiku la ngozi.

Koposa zonse, wokwera njinga yamoto abvale cisoti colimba ndi kumanga lamba wace pa cibwano. Malipiro angagule cimanga, koma sabwezera munthu nzeru zace.

Mafunso

1. Cifukwa ninji munthu wodzuka atakomoka ayenera kuyang'aniridwabe?
2. Ndi makalata otani amene banja liyenera kusunga?
3. Kodi mau akuti mlandu suola ali oona ku bwalo la boma?